Kugona pabwalo la sitolo ndi RV ku America: zimene mlendo ayenera kuchita

Dzuwa likapendeka muli pamsewu waukulu wa ku America, msana ukuwawa, maso ayamba kulemera, funso limakhala limodzi lokha: tigona pati lero? Amene akuyenda pa RV, galimoto zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati, nyumba ali nayo kale. Chimene akusowa ndi poiimika. Kumisasa yolipira kuli magetsi, madzi ndi kotayira zam'chimbudzi, koma kulipira usiku wathunthu pomwe mukungofuna kutseka maso maola 8 n'kudzuka kupitiriza ulendo kumawawa m'thumba. Nthawi zinanso msasawo uli kutali ndi njira yanu, kapena wadzaza kale. Ndiye anthu amakhotera pabwalo la sitolo yaikulu, amaima kumapeto, amatseka makatani n'kugona.

Chizolowezichi n'chakale ndipo chathandiza ambiri, ine ndemwe ndili m'gulu. Koma chikunka chichepa. Masitolo ena amene kale ankalola, lero akhoma zikwangwani zoletsa, ndipo mbali ina ya mlanduwu ili pa ife oyendafe. Choncho ndisanafike pa zoti muchite, ndinene chimene zonse zatsamirapo: bwalo la sitolo ndi pakhomo pa munthu. Phula analipira ndi eni sitolo, magetsi owala usiku wonse akulipira ndi iwo, amene amasesa m'mawa ndi antchito awo. Inu mwangopatsidwa pogona. Kwathu timati mlendo ndi mame, ndipo pabwalo la sitolo mawuwa muwatenge monga alili: mufike kukuda, dzuwa likamatuluka mukhale mukuchoka, pamene munali pasaoneke kanthu.

Musananyamuke, dziwani amene amalola

Dzina limene aliyense amayamba kutchula ndi Walmart. Sam Walton anatsegula sitolo yoyamba ku Rogers, m'chigawo cha Arkansas, mu 1962, ndipo lero masitolo ake ku America aposa 4,000, ambiri ali pafupi ndi misewu ikuluikulu. Kampaniyi inanena poyera kuti imalola RV kuima pamabwalo ake pamene zingatheke, kuti sipereka magetsi kapena china chilichonse cha pamsasa, ndiponso kuti chilolezo amapereka ndi manijala wa sitolo iliyonse payekha, poona kukula kwa malo ndi malamulo a m'deralo. Mawu omalizawa ndi amene ambiri amawalumpha. Palibe lamulo loti Walmart iliyonse imalola. Ya tawuni ino ikhoza kuvomera, ya tawuni yotsatira n'kukana, ndipo onse awiri sanalakwe.

Alipo enanso. Cracker Barrel, malo odyera amene anayambira ku Lebanon m'chigawo cha Tennessee mu 1969, nthawi zambiri amakhala ndi mizere italiitali yoimikapo mabasi ndi RV, kawirikawiri kumbuyo kapena m'mbali mwa nyumba. Masitolo a Cabela's ndi Bass Pro Shops, ogulitsa zida zophera nsomba ndi zosakira nyama, ena amalola. Malo omwetsera mafuta mathiraki monga Pilot Flying J ndi Love's amakhala otsegula usiku wonse, koma za amenewa ndinenapo padera chifukwa pali anthu ena ofunika kuwaganizira.

Chimene chimaletsa kwambiri si mtima wa manijala. M'mizinda yambiri khonsolo inakhazikitsa lamulo loletsa kugona m'galimoto usiku, ngakhale pamalo a kampani. Zoterezi n'zofala m'mizinda ikuluikulu ndi m'madera okopa alendo, monga m'mbali mwa nyanja ku California ndi ku Florida. Penanso sitolo imangochita lendi, bwalo lili ndi mwini wake wina amene analemba alonda ake. Pamenepo manijala ngakhale atakumverani chisoni sangakuloleni.

Pali mapulogalamu a pafoni monga AllStays ndi iOverlander, momwe oyenda anzanu amalemba kuti pamalo akuti tinagona, pamalo akuti anatibweza. Agwiritseni ntchito kusankha malo awiri kapena atatu a m'njira yanu, koma onani tsiku limene zinalembedwa. Zimene munthu analemba zaka 2 zapitazo si chilolezo chanu cha lero.

Imbani foni kukadali masana

Cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana mumakhala mutadziwa kale kuti kudzakudera chapati. Imani penapake, imbani kusitoloyo, pemphani kuyankhula ndi manijala amene ali pantchito. Musangomva za amene wayankha foni, chifukwa mwina ndi wantchito watsopano amene sadziwa, kapena angovomera kuti muchoke pafoni. Nenani mwachidule: muli pa RV yaitali mamita angati, mukudutsa, mukupempha kuima usiku umodzi, muchoka m'mawa. Akavomera, funsani mbali ya bwalo imene akufuna muime, ndipo lembani papepala dzina lawo ndi nthawi imene mwayankhulana. Kapepala kameneko kadzakuthandizani ngati mlonda wa usiku sanauzidwe.

Akakana, thokozani n'kudula foni. Musafunse chifukwa mokwiya, musanene kuti pa intaneti alemba kuti mumalola. Imbani pamalo achiwiri. Ubwino woimba masana ndi womwewu: mukadali ndi mphamvu ndi kuwala kofunira pena. Munthu wotopa amene wakanidwa 11 koloko usiku ndi amene amayamba kuganiza zongoima mwakabisira, kapena kupitiriza kuyendetsa akusinza, ndipo zonse ziwirizi n'zoipa.

Dziwaninso kuti kuyambira nthawi ya mliri wa Covid mu 2020, masitolo a Walmart anasiya kugwira ntchito usiku wonse. Ambiri amatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 11 koloko usiku. Mukafika atatseka simupeza womupempha, komanso chimbudzi cha m'sitolo simuchiona mpaka kucha.

Mukafika

Fikani madzulo, ogula atayamba kuchepa. Kufika 1 koloko masana n'kukhala mpaka mawa lake sikupumula paulendo, kumeneko n'kukhazikika. Pa Cracker Barrel pewani kutseka mizere yaitali ija nthawi ya chakudya chamadzulo ngati simukudya, chifukwa anaikonzera makasitomala awo. Ndipo kumapeto kwa November, tsiku lotsatira chikondwerero cha Thanksgiving limene amalitcha Black Friday, musayerekeze n'komwe. Mabwalo amadzaza kusanache.

Polowa yendetsani pang'onopang'ono, werengani zikwangwani zili pageti ndi pamapolo a magetsi. Mukaona cholembedwa kuti No Overnight Parking, kutanthauza kuti salola kuimika galimoto usiku wonse, nkhani yatha, ngakhale pakhale RV zina zisanu zitaima. Simukudziwa ngati eni akewo anapatsidwa chilolezo chapadera kapena akungodikira kugogodedwa. Zikwangwani zina zimanenanso kuti galimoto yophwanya lamulo idzakokedwa, ndipo ndalama zokaiombolera mudzalipira ndinu.

Ngati simunaimbe foni, imani kaye, tsikani, lowani mkati. Kwathu sulowa pabwalo la munthu osanena odi, ngakhale chitseko chili chotsegula, ndipo apa n'chimodzimodzi. Pitani patebulo lothandizira makasitomala, funsani manijala. Ngakhale munaimba kale, ine ndimakonda kulowabe n'kudzionetsa kuti ndine uja ndinaimba masana. Zimatenga mphindi 5, ndipo munthu amene wakuonani nkhope sachedwa kukukumbukirani zinthu zikavuta usiku.

Kusankha poima

Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa malo amene mwasankha ndi amene anganene ngati mugona tulo kapena ayi.

Pitani kumapeto kwenikweni kwa bwalo, kutali ndi khomo la sitolo, kumene ogula safika. RV zikuluzikulu zimafika mamita 13 kapena kuposerapo, ndipo imodzi imadya mizere ya galimoto zing'onozing'ono zingapo. Pafupi ndi khomo mizere imeneyo ndi ya mayi wobwera ndi ana, ndi ya agogo oyenda ndi ndodo. Kumapeto palibe amene mukumulanda. Koma musapite kumbuyo kwa nyumba, kumene amatsitsira katundu. Ine ndinalakwitsapo zimenezi ulendo wanga woyamba, pasitolo ina m'mbali mwa msewu wa Interstate 80. Ndinaona kuti kumbuyo kuli zii, kulibe magetsi othobwa m'maso, ndinaima komweko. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndinadzidzimuka ndi kulira kwa thiraki yobwerera chammbuyo, magetsi ake ofiira akuwala pakatani. Dalaivala anatsika, bambo wachikulire atavala jekete lonyezimira, anangoima pawindo langa n'kuloza khomo la katundu limene ndinatseka theka. Sanakalipe. Koma ndinamuchedwetsa ntchito munthu amene anayendetsa usiku wonse, ndipo ndimakumbukirabe kutopa kumene kunali pankhope pake.

Onaninso kumene amaunjika matrole, njira ya galimoto zozimitsa moto imene imakhala ndi utoto wofiira kapena wachikasu m'mphepete, ndi malo a anthu olumala. Zonsezi zisiyeni. Nyengo yozizira m'zigawo zakumpoto, funsani kumene magalimoto okankha chipale amaunjika chipalecho, chifukwa nthawi zambiri ndi kumapeto komwe mukufuna kuimako.

Funani pamalo pathyathyathya. Mabwalo a masitolo amapendekeka pang'ono dala kuti madzi a mvula azitsetsereka, ndiye zungulirani kamodzi kapena kawiri mpaka mupeze pamene galimoto yakhala bwino payokha. Chifukwa chake si tulo tokha. Mafiriji ambiri a mu RV, aja oyendera gasi, amazizira ndi mankhwala amene amayenda m'mapaipi potsetsereka, ndipo galimoto ikapendekeka kwambiri kwa maola ambiri firiji ili yoyaka, imatha kuwonongeka. Mafiriji atsopano oyendera batire alibe vuto limeneli.

Imani mphuno italoza kotulukira, kuti mukafuna kuchoka usiku musavutike n'kubwerera chammbuyo. Ngati mukukoka ngolo yogonamo, musaimasule kugalimoto. Kumasula ngolo n'kuisiya pabwalo, inu n'kupita kukaona tawuni, ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakwiyitsa mamanijala kwambiri, chifukwa bwalo lawo mwalisandutsa mosungira katundu.

Ndipo ngati pali RV ina itaima kale, musakaigundire. Siyani mpata wokwanira, koma musatalikirenso mpaka kumwazikana bwalo lonse. Kukhala mbali imodzi kumathandiza eni sitolo, kumathandizanso chitetezo chanu.

Za mathiraki

Madalaivala a mathiraki ku America lamulo limawalola kuyendetsa maola 11 okha, kenako ayenera kupuma maola 10 otsatizana, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2017 maola amenewa amalembedwa ndi kachipangizo ka m'galimoto, sangabise. Nthawi ikamuthera dalaivala, ayenera kuima, ndipo malo oimikapo mathiraki ndi osakwanira m'dziko lonselo. Amene anaonapo mzere wa mathiraki pachipata cha Mwanza kapena Songwe, madalaivala akugona m'magalimoto awo, akudziwa kuti moyo umenewu si wamasewera. Inu muli patchuthi, iye ali pantchito. Choncho pa Pilot Flying J kapena Love's musatenge mzere wa thiraki kumbuyo. Ambiri mwa malowa ali ndi mbali ya RV kapena ya galimoto wamba kutsogolo. Funsani wapakauntala akuuzani. Mukapeza mbali imeneyo yadzaza, pitani pena.

Mwaima, simunamange msasa

Bungwe la oyenda pa RV la Escapees, limene linayamba mu 1978, linalemba malamulo ochepa a khalidwe la pamalo otere, ndipo mabungwe ena a oyenda anagwirizana nawo. Mfundo zake n'zoti mukhale usiku umodzi wokha, mupemphe chilolezo kwa munthu woyenera, mumvere zikwangwani, musatulutse mipando, mbaula kapena chinsalu chamthunzi, musatsitse majeke (miyendo yachitsulo yochirikiza galimoto) paphula, mugule kanthu pothokoza, musiye malo ali oyera kuposa mmene munawapezera, ndipo mukhale tcheru. Zikumveka zophweka, koma zimene zimaphwanyidwa kwambiri ndi za pakatizo.

Munthu wodutsa pamsewu akayang'ana RV yanu aone galimoto yoima basi. Asaone nyumba. Chinsalu chamthunzi cha m'mbali chikhale chopinda. Mipando ikhale mkati. Kuotcha kanyenya pambaula panja ayi, phikani mkati pachitofu chanu. Zovala zonyowa musayanike pagalasi kapena pampanda wa sitolo. Ana akafuna kuwongola miyendo, yendani nawo pang'ono mutawagwira dzanja, chifukwa bwalo limene likuoneka lopanda kanthu usiku limadutsabe galimoto zothamanga.

Majeke ndi nkhani imene ambiri saimvetsa. RV zambiri zili ndi miyendo yachitsulo yotsika pansi kuti galimoto ikhale yowongoka, isamagwedezeke. Pamsasa n'zabwino. Koma phula limafewa likatentha, makamaka chilimwe cha ku Arizona kapena Texas, ndipo kulemera kwa matani angapo kukatsikira pakachitsulo kakang'ono ngati mbale, kamalowa pansi. Ndinaonapo zimenezi m'mawa wina galimoto yaikulu itangochoka pafupi ndi ine: maenje 4 ozungulira bwinobwino, akuya ngati chala, phula litatukuka m'mphepete ngati nsima yothyoledwa. Mvula ikagwa madzi amaima m'maenjemo, kukazizira amaundana, phula n'kung'ambika. Wokonza ndi mwini sitolo. Ndikadzamva kuti pamenepo anakhoma chikwangwani choletsa sindidzadabwa, ndipo sindidzawaimba mlandu.

Zipinda zotuluka m'mbali, zimene amati slide-out, zimagawa anthu pawiri. Ena amati musatulutse n'komwe. Ena amati RV zina sungafike pabedi kapena kuchimbudzi osatulutsa chimodzi. Ine maganizo anga ndi akuti ngati mungathe kugona zili zotseka, gonani choncho. Ngati n'zosatheka, nenani kwa manijala popempha paja, imani m'mphepete kuti chipindacho chitulukire kukapinga osati kunjira ya galimoto, ndipo tulutsani chimodzi chofunikacho basi. Chipinda chotulukira kunjira usiku sichioneka bwino, ndipo wochigunda akhoza kuvulala.

Jenereta

Pabwalo la sitolo palibe polumikiza magetsi, ndipo soketi iliyonse imene mungaione papolo kapena pakhoma si yanu. Kulumikizapo ndi kuba. Choncho tchajani mabatire masana mukuyenda. Magetsi a mkati, pampu ya madzi ndi fani zimatha usiku umodzi pabatire popanda vuto.

Jenereta imasokosera kuposa mmene mwini wake amamvera ali mkati. Ngati muli nokha kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi msewu waphokoso, kuiyatsa ola limodzi madzulo kuti muphike si mlandu. Koma ngati kuseri kwa mpanda kuli nyumba za anthu, kapena mnzanu waima pafupi mawindo ali otsegula, zimitsani ikamakwana nthawi yogona. Madandaulo a anthu oyandikana ndi sitolo ndi amene amafika kukhonsolo, ndipo khonsolo ikakhazikitsa lamulo loletsa, silichoka msanga.

Palinso choopsa kuposa phokoso. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka mwezi wa June kwathu. Mphepo ikatembenuka, utsi wanu umalowa pawindo lanu kapena la mnzanu. Onetsetsani kuti kachipangizo kochenjeza za mpweyawu kakugwira ntchito musananyamuke, ndipo ngati RV ndi yalendi, kayeseni pamaso pa obwereketsawo. Usiku ukakhala wotentha moti simungagone popanda makina oziziritsa, usiku umenewo ndi wokalipira kumsasa wa magetsi.

Gulani kanthu

Palibe amene adzakufunsani lisiti. Koma eni sitolo amalola chifukwa oyenda pa RV ndi makasitomala, ndipo ife tizionetsa kuti n'zoona. Gulani buledi, mazira, madzi, zimene mukanagula pena mawa. Pa Cracker Barrel idyani chamadzulo kapena cham'mawa. Pamalo a mafuta thirani mafuta. Mukamalipira, muuzeni wapakauntala kuti ndinu a RV ili panja ija ndipo mwathokoza. Mawu otere amafika kwa manijala.

Chimbudzi cha m'sitolo mukhoza kugwiritsa ntchito monga kasitomala aliyense, koma si bafa. Kusamba thupi lonse pasinki, kutsuka mbale kapena kudzaza zigubu zisanu pampopi wawo n'kupitirira malire.

Usiku

Khomani zitseko, tsekani makatani, makiyi aikeni pamalo amodzi pafupi ndi mpando wa dalaivala, nsapato pakhomo. Mpando wa dalaivala usaunjikidwe katundu. Ngati pofika mwaona magalasi osweka pansi, anthu akuzungulirazungulira popanda chochita, kapena mtima wanu sukukhazikika, chokani ngakhale munapatsidwa chilolezo. Nambala ya ngozi ku America ndi 911, ndipo lembani adiresi ya sitoloyo musanagone, chifukwa munthu wodzidzimuka saikumbukira.

Mowa usiyeni usiku umenewu. Nthawi iliyonse mukhoza kuuzidwa kuti muchoke, ndipo simufuna kupezeka pachiwongolero mutamwa.

Musayembekeze bata la kumudzi. Magetsi a pabwalo amawala mpaka kucha, galimoto yosesa imadutsa pakati pausiku ikulira ngati chigayo, anyamata ena amabwera kudzaimika galimoto nyimbo zili pamwamba. Zonsezi si zoti mukadandaule. Tengani zotseka m'makutu ndi kansalu kophimba m'maso.

Wina akagogoda, musatsegule chitseko msanga. Yatsani getsi la mkati, yang'anani pawindo, yankhulani pawindo lomwelo. Akakhala mlonda, mutchulireni dzina la manijala ndi nthawi imene munalemba paja. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Akaumirira kuti muchoke, chokani mwaulemu. Iye akutsatira zimene anauzidwa, ndipo mkangano wa 2 koloko usiku simungaupambane. Akakhala wapolisi, manja anu azioneka, yankhulani modekha, ndipo musanatenge chikwama nenani kuti mukutenga mapepala. Kwa ife obwera kuchokera kunja, laisensi, pasipoti ndi mapepala a galimoto kapena a lendi zikhale pamodzi m'kachikwama kamodzi kosavuta kufikira. Akakhala munthu wamba wopempha thandizo, muuzeni pawindo kuti mumuimbira 911, chitseko chikhale chokhoma.

Galu ngati muli naye, atuluke ali pachingwe, ndipo zimene wasiya pakapinga mutole m'pulasitiki.

Madzi akuda

RV imakhala ndi mathanki awiri a madzi oipa, lina la zam'chimbudzi, lina la madzi osambira ndi otsukira mbale. Loyambalo aliyense amadziwa kuti satayira pabwalo. Lachiwirili ndi limene anthu amadzinamiza nalo, amati ndi madzi a sopo chabe, amatsegula pang'ono usiku kuti azidontha. Musatero. Muli mafuta ndi nyenyeswa za chakudya, pakapita tsiku amanunkha koopsa, ndipo dzuwa likawomba pamatsala chibanga chotuwa choloza pamene munaima. Ngalande za pabwalo ndi za madzi a mvula, ndipo m'malo ambiri zimakathira mumtsinje popanda kusefedwa. N'chifukwa chake kutayiramo n'kuphwanya lamulo ndipo kuli ndi chindapusa.

Kotayira kovomerezeka kulipo kumisasa, imene yambiri imalola ngakhale osagona kumeneko polipira pang'ono, kumalo ena omwetsera mafuta mathiraki, kumalo ena opumira a m'mbali mwa msewu, ndi kumasitolo ena a Cabela's. Fikani pasitolo mathanki ali ndi malo okwanira usikuwo.

Zinyalala nazo, kapepala ka buledi mukhoza kuponya m'bini ya pakhomo la sitolo, koma matumba a sabata yonse ayi. Mabini akuluakulu a kumbuyo ndi a sitolo, amalipira kuti azichotsedwa.

M'mawa

Dzukani, imwani tiyi, nyamukani bwalo lisanayambe kudzaza. Ine ndimayesetsa kukhala nditachoka pofika 8 koloko. Usiku wachiwiri pamalo omwewo ayi, pokhapokha galimoto yawonongeka kapena wina wadwala, ndipo pamenepo lowani mukawafotokozere, musadikire kuti abwere kudzakufunsani.

Ngati dera mwalikonda ndipo mukufuna kukhalitsa popanda kulipira zambiri, njira zilipo. Kumadzulo kwa America kuli malo aakulu a boma oyang'aniridwa ndi Bureau of Land Management, kumene m'madera ambiri mungamange msasa kwaulere mpaka masiku 14. Kumeneko tulutsani mipando, yalani mkeka, yatsani mbaula ngati palibe chiletso cha moto. Palinso Harvest Hosts, kumene mumalipira pachaka n'kumagona usiku umodziumodzi pamafamu ndi malo ena otere, mukugulako zimene eni ake amagulitsa.

Musanakwere, zungulirani galimoto wapansi. Onani ngati sitepe yalowa, zitseko za m'mbali zatsekedwa, palibe chodontha pansi. Tengani thumba m'manja mutole zinyalala zapafupi, ngakhale zimene si zanu, chifukwa wosesa akafika sadziwa kuti kapu iyi anataya ndani, amangodziwa kuti apa panagona RV. Trole imene yasiyidwa pafupi ikankhireni kumalo ake. Sitolo ikakhala yatsegula, lowani muthokoze. Kenako mukaima pena masana, lembani mu pulogalamu ija zoona zokhazokha: tsiku, mbali imene anakuuzani kuti muime, ndi kuti munayamba mwapempha kwa manijala, kuti wobwera pambuyo panu nayenso akalowe kukapempha.